Mono Woimikidwa Chadodolido

Aliyense amene anayendapo m'mbali mwa mtsinje wa Lunho nthawi ya dzinja anaionapo ntchito ya a Timoti, ngakhale eni akewo sanawaone. Miono yambiri imene asodzi a kwa Msumba amatchera mpasa ndi sanjika zikamakwera mtsinje inalukidwa pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo. Mono wa a Timoti susowa. Kumchira amaumanga ndi mfundo ziwiri zopingasa, monga ankamangira atate awo, ndipo mano a m'kati, aja amene nsomba ikawadutsa siionanso pobwerera, amawasongola ndi kampeni kamene kasinthidwa mpini kanayi.

Anthu a msinkhu wawo sawatchula Timoti. Amati a Ntchentche. Dzinali analitenga ku Malawi, kumene anathawira nkhondo pa bwato m'chaka cha 1987. Kumalo a othawa nkhondo kufupi ndi Nkhotakota kunabuka kolera, ndipo azaumoyo anasonkhanitsa achinyamata kuti azichita masewero ophunzitsa anthu ukhondo. A Timoti anawapatsa malo a ntchentche. Ankamanga malichero awiri kumsana ngati mapiko, n'kumachoka kuchimbudzi cha udzu kupita pa mbale ya chakudya, akupukuta manja pamodzi monga imachitira ntchentche yeniyeni. Anthu ankagwa nazo n'kuseka. Mmodzi mwa osekawo anali Magalita, mtsikana wa ku Maniamba, amene anakhala mkazi wawo chaka chisanathe.

Atate awo a Timoti anakana kuthawa. Anati miono yawo sangaisiye. Anamwalira kwa Msumba chaka chachiwiri cha kuthawako, ndipo ngakhale anthu ankawoloka nyanja mobisa n'kumabwera ndi nkhani, panalibe amene anawauza a Timoti. Anazimva atabwerera m'chaka cha 1994, ataima pa bwinja. Sanakwiyire munthu. Mpaka lero amati anthu aja anawachitira chifundo, pakuti akanamva akanangodwala mtima pachabe. Kuyambira pamenepo anakhala ndi lamulo lawo limene amalinena kawirikawiri: nkhani yoipa satumizira munthu amene alibe bwato lobwererera.

Cristiana, mwana wawo wotsiriza, ndiye anatengera atate ake. Ali wamng'ono ankakhala pansi pa mango paja kuwapatsira nsungwi, ndipo ankatha kuyerekeza mayendedwe a munthu aliyense wa m'mudzimo. Sukulu inamukonda. Anachoka kwa Msumba kupita ku Metangula, kuchoka ku Metangula kupita ku Lichinga, ndipo pamapeto pake anapata bolosa yomulipirira sukulu kuti akaphunzire za madzi ndi nsomba ku Portugal zaka zitatu. Tikiti ya ndege inali imodzi yopita ndi imodzi yobwera akadzamaliza, basi. Tsiku lonyamuka anasiyira amayi ake foni yotumizirana zithunzi, nawaphunzitsa podina. A Timoti anamuperekeza mpaka pokwerera shapa, minibasi za kumeneko, ku Metangula. Sanalire. Anangoti, "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," kenaka anabwerera wapansi.

Lamulungu lililonse, Misa ikatha, foni ija inkalira. Munkabwera zithunzi ndi mawu a Cristiana, othamanga ngati mwana amene wabwera kumadzi ndi nkhani.

"Atate, dzulo ndinalowa m'nyumba ya masewero! Mipando yake yofiira, yofewa ngati mphaka. Koma anthu a kuno, ee! Munthu akuchita sewero patsogolo pawo, iwo ali duu, ngati pa maliro a mlendo. Ndiye panali bambo wina amene mnzake ankamuzembera ndi mpeni kumbuyo. Ine ndinaiwala kumene ndili, ndinangokuwa kuti, 'Cheuka iwe!' M'Chinyanja, atate! Nyumba yonse inacheuka, kupatula iyeyo."

A Timoti anaseka mpaka kutsokomola. Mawuwo anawamvetsera kasanu tsiku limenelo. Patapita miyezi, Cristiana analowa gulu la masewero la ophunzira anzake, ndipo anamupatsa malo a wantchito wa m'nyumba amene salankhula liwu ngakhale limodzi, amangolowa ndi mbale n'kutuluka. Anadandaula. Atate ake anamuyankha kuti, "Ine ndinatchuka Nkhotakota yense ndi ng'ii basi. Mbaleyo uziinyamula ngati uli ndi nkhani ya m'nyumbamo imene sukuinena." Pa feriya ya Natale, tchuthi cha Khirisimasi, anzake atapita kwa makolo awo, mtsikanayo anakwera basi kupita kumapiri kukaona chipale chofewa chimene chimagwa ngati ufa. Anati kuzizira kwake kumapana makutu ngati nkhanu.

Zonsezi a Timoti ankazimva. Kuona sankaziona.

Zinayamba Cristiana asanachoke, ngati kautsi ka nkhungu kamene kamaoneka patali panyanja. Diso lamanja linayamba, lamanzere linatsatira. Pofika chaka chachiwiri lamanja linali litazima, ndipo lamanzere linkangosiyanitsa munthu ndi mtengo ngati munthuyo akuyenda. Anthu ambiri sanazindikire msanga, chifukwa manja a a Timoti safuna maso. Nsungwi amaimva ndi chala ngati yakhwima, ndipo mfundo zawo zopingasa zinkatulukabe chimodzimodzi. Namwino wa ku Metangula anawauza kuti ndi ng'ala, ndipo kuti ku Lichinga madokotala amachotsa. A Timoti anathokoza, navala chipewa, nabwerera kwawo.

"Mupite, atate ake a Cristiana," ankatero a Magalita.

"Akandiboola diso, n'kuzimitsa ndi kotsalaka? Kakuwala aka ndikusungira mwana. Akadzatsika shapa ndidzamuona, ngakhale chithunzithunzi chabe. Ndikadzamuona, adzachite nane zimene akufuna."

"Ndiye timuuze."

"Ali ndi bwato?"

Choncho anthu awiriwo anayamba sewero lawo. Zithunzi zikabwera, a Magalita ankakhala pa mphasa pafupi ndi amuna awo n'kumawauza zimene zilimo. Apa waima pa mlatho wachitsulo, wavala chijasi chobiriwira. Apa ali pakati pa ufa uja, akuseka. Apa wanyamula mbale, wavala kansalu koyera kumutu. A Timoti ankafunsa zambiri, dzanja lili pati, nsapato zotani, kumbuyo kuli chiyani. Akakhuta, a Magalita ankadina kabatani ka mawu, ndipo mwamuna amene kale anali ntchentche ankalankhula ngati munthu woona bwino. "Chijasi chobiriwiracho chakukhala, mwana wanga, koma mlathowo usamayandikire kumphepete." Cristiana akafuna kuti aonane maso ndi maso pa foni, ankamuuza kuti netiweki ya kwa Msumba siilola, ndipo nthawi zambiri zinali zoona.

Amene ankadziwa chinsinsichi, kupatula akazi awo, anali Che Hamisi, mnzawo wa ubwana, msodzi amene mawondo anamuchotsa m'bwato. Ankabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pa muzu wa mango, kusenda nsungwi ndi kuputa mnzake.

"A Ntchentche, lero mwaona chiyani ku Ulaya?"

"Ndaona kuti kulibe nkhalamba zodya za eni ngati inu, Che Hamisi."

"Mwana ameneyo simumuonanso, ine ndakuuzani. Ulaya ndi mono. Polowa m'posalala, potuluka mano okhaokha. Mphwanga wa ku Cobue anapita kukaphunzira zaka ziwiri, pano ndi zaka khumi, amangotumiza mawotchi."

"Mphwanu anathawa nkhope yanu."

Ankaseka onse. Koma Che Hamisi akapita, a Timoti ankakhala nthawi yaitali chala chili pa nsonga ya dzino la mono, osaluka.

Sabata ya Pasaka ya chaka chachiwiricho, uthenga unabwera kuti mkulu wawo wa a Magalita wadwala ku Maniamba. A Magalita anamanga katundu mofulumira. Foni anaisiya, poti kumtundako kumunda kwa mkulu wawo kulibe potchajira. Anaipereka kwa a Armindo, aphunzitsi a masamu amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo, kuti aziitchaja kusukulu ndi kuwathandiza a Timoti ikalira. A Armindo anali mnyamata waulemu, wobadwira m'nyumba zosanja za ku Maputo. Anali atakhala kwa Msumba miyezi isanu yokha. Chinyanja ankachidziwa chopatsira moni ndi chogulira usipa, china chonse ankachisaka ndi manja.

Lolemba masana anabwera akuthamanga, foni ili m'manja. Cristiana anali pa feriya ya Pasaka ndi anzake awiri, m'katauni kena kumpoto kwa Portugal. Mvula itawagwira, anathawira m'kanyumba kosungiramo zinthu zakale zimene anthu a kumeneko anabwera nazo kuchokera kumaiko akutali. Anatumiza chithunzi chimodzi chokha, ndi mawu ochepa kwambiri, akudziletsa kuseka: "Atate, taonani ichi. Ine sindinena kanthu. Nenani ndinu."

A Timoti anagwira foni, naiyandikiza ku diso lamanzere. Anangoona kuwala kwa makona anayi.

"Magalasi anga ndawasiya m'nyumba, aphunzitsi," anatero munthu amene sanavalepo magalasi. "Tandiuzani, n'chiyani?"

A Armindo anakulitsa chithunzicho ndi zala. "Cristiana ali pano, waima. Pambali ili... dengu. Dengu yaikulu, yaitali, yaima m'galasi. Pali pepala, alemba Chipwitikizi." Anawerenga mosamala, nasandutsa. "Akuti ndi dengu ya kuphimba nkhuku na ana ake. Yachokera Niassa, chigawo chino. Ee, nkhuku ilipo pambali, ya dothi."

"Dengu lovundikira anapiye?"

"Isso. Yomweyo."

A Timoti anaganiza kuti mwana wasangalala kuona chinthu cha kwawo kutali. Anakonza kukhosi, a Armindo nadina kabatani.

"Ndaona, mwana wanga. Dengu lokongola kwambiri. Amene analuka ankadziwa ntchito, kabawi sangatenge mwanapiye pamenepo. Azungu achita bwino kulisunga."

Mawu anapita. Panapita nthawi yokwana kusenda nsungwi imodzi. Kenaka foni inalira, osati kulira kwa uthenga, koma kwa munthu amene akufuna kulankhula pompo. A Armindo anayankha, naika pa khutu la a Timoti, ndipo poona nkhope yawo anasendera kutali, nakaima kuseri kwa nkhokwe.

"Atate." Mawu a Cristiana munalibenso kuseka. "Ndavala chiyani pa chithunzichi?"

"Chijasi chija chobiriwira."

"Chijasi chija ndinapatsa mnzanga chaka chatha. Atate, chili m'galasimo ndi mono. Mono wa kwathu. Auimika chadodolido, pakamwa pansi, mchira m'mwamba, n'kuikapo nkhuku ya dothi pambali. Ndinaseka mpaka mlonda anabwera kudzandiyang'ana. Ndimati inu mukaona museka koposa ine." Anapuma. "Inu mono mungauzindikire uli pansi pa madzi a matope. Amayi ali kuti? Maso anu atani?"

Nkhuku zenizeni zinkapalasa pafupi ndi mapazi a a Timoti. Bodza lina linabwera pakamwa, koma linali lopyapyala, analimeza.

"Ndi ng'ala," anatero. "Si matenda. Ndi ukalamba."

"Kuyambira liti?"

"Usanachoke."

"Ndiye mlatho uja? Mbale ija? Zonse zija mumati mwaona?"

"Amayi ako amaona bwino. Ine ndimamva bwino. Tikaphatikiza ndi munthu mmodzi wathunthu."

Cristiana sanaseke. A Timoti anamva mwana wawo akupuma movutika, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka mvula ya dziko lina ikugwa pa miyala.

"Chifukwa chiyani simunandiuze?"

"Iwe ukulidziwa lamulo langa. Nkhani yoipa..."

"Agogo anali atamwalira, atate! Panalibe choti n'kuchita. Inu muli moyo. Mayi wokalamba amene ndimakhala m'nyumba mwake anachotsedwa ng'ala maso onse awiri, pano amalowetsa yekha ulusi pa singano. Ku Lichinga amachotsa. Simunamve?"

"Ndinamva. Koma kakuwala katsala m'diso limodzili ndikusungira iwe. Akakalakwitsa, udzatsika shapa ine ndili mu mdima."

"Mukundisungira kuwala kumene sikukuonetsani ngakhale mono?" Mawu ake anauma ngati a amayi ake akatsimikiza chinthu. "Mverani, atate, ndipo mundikhululukire kulankhula chonchi. Tikiti yanga yobwerera ilipo. Ndi imodzi, ndikaigwiritsa ntchito sindidzabwereranso kuno. Musankhe. Inu mukwere shapa ya ku Lichinga, kapena ine ndikwere ndege, ndidzakugwireni dzanja ndekha. Mwezi uno usanathe."

"Sukulu yatsala chaka ndi miyezi, iwe!"

"Ndikudziwa. Ndiye musankhe bwino."

Che Hamisi atamva m'mawa mwake, anaseka mpaka anagwetsa kampeni. "Zaka makumi asanu mukuluka miono, lero mono mwautcha khola la nkhuku! A Ntchentche, mwagwera mu mkaka." Koma atatha kuseka anati, "Mukapita ndikuperekezani mpaka pa shapa. Mwana uja sanama. Anatengera amayi ake."

A Magalita anabwera kuchokera ku Maniamba Loweruka, mkulu wawo atapezako bwino. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangochapa malaya oyera a amuna awo, nawayanika pa mpanda. Patapita masabata awiri, namwino wa ku Metangula atawalembera kalata, anakwera shapa m'mawa. Pamene galimoto inkakwera phiri, ikukhota uku ndi uku, a Timoti anatembenuzira diso lamanzere kumene kunali nyanja. Anaona chinthu chotuwa, chachikulu, chowala pang'ono. Anachiyang'anitsitsa mpaka msewu unakhotera kumitengo, poganiza kuti mwina n'komaliza.

Ku chipatala dokotala anawaunika, nati ayamba ndi diso lamanja, lozimalo. Lamanzere saligwira mpaka lamanja litapola.

"Ndiye kotsalaka simukakhudza?"

"Ayi, bambo. Timayamba ndi limene lilibe chotaya."

A Timoti anatembenukira kumene kunali akazi awo. "Bwanji sanandiuze zimenezi kale?"

"Munafunsa?" anatero a Magalita.

A Timoti anagona chagada, nsalu ili kumaso, akumva zitsulo zing'onozing'ono zikugundana. Sizinatenge nthawi yoposa yolukira pakamwa pa mono. M'mawa mwake namwino anamatula thonje pang'onopang'ono. Poyamba kunali kuwala kopweteka ndi misozi. Kenaka zenera linakhala zenera. Pambali pa bedi panakhala mayi wovala chitenje cha maluwa achikasu, imvi zili mbuu m'mphepete mwa duku.

"Mwakalamba liti, amayi ake a Cristiana?"

"Nthawi imene inu munkati mukuona."

"Patseni foni."

Namwino anati asaumirize diso, ayang'ane pang'ono chabe. A Magalita anatsegula chithunzi chija, nachikulitsa monga anawaphunzitsira a Armindo. Unalidi mono, wakale, wakuda ndi zaka, utaima ndi pakamwa ngati munthu woledzera amene wagwa chamutu, nkhuku ya dothi ikuuyang'anira. A Timoti anayamba kuseka, namwino nawagwira phewa kuti diso lisagwedezeke. A Timoti anati akulitsenso kumchira. Mfundo zinali ziwiri, zopingasa.

"Wa kwathu uwu," anatero motsitsa. "Manja a kwa Msumba. Wapita kutali, wosauka, ndipo palibe amene akuudziwa dzina."

Kenaka anasuntha chala, ndipo pambali pa galasilo panali Cristiana. Tsitsi anadula. Masaya aja otengera amayi ake anali atalowa. Anavala juzi yaikulu imene manja ake anabisa zala, ndipo ankaloza mono uja akuseka ndi pakamwa ponse. A Timoti anayang'ana mpaka namwino anabwera kudzatenga foni.

Atabwerera kwa Msumba, diso litapola, ntchito yoyamba imene anagwira sinali ya nsungwi. Anakhala pa mphasa m'mawa wina, nauza akazi awo kuti awaonetse zithunzi zonse kuyambira choyamba. Anaona mlatho wachitsulo. Anaona mipando yofiira. Anaona mwana wawo atanyamula mbale, ndipo mmene anaigwirira, mapewa ataumitsa, maso ali cham'mbali, anadziwa kuti malangizo aja anawamva. Atafika pa chithunzi cha Natale anaima. Phiri lonse linali loyera. Kumbuyo kunali mabanja a eni dziko, ana akuponyerana ufa uja. Cristiana anaima yekha kutsogolo, dzanja limodzi litatambasuka kugwira foni, ndipo milomo anaikoka ngati munthu amene wauzidwa kuti amwetulire.

"Munati akuseka apa."

"Ndinatero," anayankha a Magalita, osawayang'ana. "Nanunso munalibe bwato."

Kenaka a Timoti anapempha kuti adine kabatani ka mawu.

"Mwana wanga, ndine. Ndakuona. Tsitsi lakukhala, koma wawonda, udye. Ukapezanso mpata wopita ku katauni kaja, ukawauze mwaulemu eni nyumbayo kuti chinthucho achigoneke cham'mbali, pakamwa paloze kumene madzi akupita, ndipo nkhuku aichotse. Akafunsa wanena ndani, ukati Timoti wa kwa Msumba. Ndipo iwe, tsiku limene sukuseka, uzitumiza chithunzi chosaseka. Tizichiona chomwecho."

Diso lamanzere analichotsa ng'ala miyezi itatu pambuyo pake. Masiku ano a Timoti amalukabe pansi pa mango, koma anasintha pokhala. Kale ankafulatira msewu chifukwa cha fumbi. Tsopano amakhala moyang'ana kumene kumatulukira galimoto zochokera ku Metangula, ndipo iliyonse ikamveka manja amaima okha. Che Hamisi amawakumbutsa kuti kwatsala dzinja lathunthu, mpasa zikwere, zitsike, chimanga chiume, ndiye mwana abwere, ngati abwere.

"Ndikudziwa," amatero a Timoti, osachotsa maso kumsewu. "Ndikungoyesa ngati akuona bwino."